Kalembedwe ka ndege, sitima yapamadzi ndi lole m'mabuku a ndalama

Ophunzira za akaunti, eni makampani onyamula katundu, komanso anthu ofuna kuika ndalama zawo m'makampani a ndege ndi sitima amandifunsa funso limodzi lomwelomwelo: "Tagula chombochi. Tichilembe pa mtengo wanji, nanga mtengowo tiugawe pa zaka zingati?" Kuyankha mmodzimmodzi kwanditopetsa, choncho ndalemba kamodzi pano kuti wofunsa aliyense ndizingomulozera.

Ndikamati chombo pano, ndikutanthauza ndege, sitima yapamadzi kapena lole. Vuto lili m'funso lenilenilo. Wofunsayo akuganiza kuti ndege ndi chinthu chimodzi chimene chimakalamba pa liwiro limodzi. Chonsecho thupi la ndege, injini zake, miyendo yoterera ndi mipando zimatha nthawi zosiyana, ndipo mabuku osasonyeza zimenezi amanamiza mwini wake yemwe. N'chifukwa chake gawo lachinayi ndalitalikitsa kuposa ena onse. Malamulo a kalembedwe ka mabuku a ndalama amene ndikutsata ndi a IFRS (akale mwa iwo amatchedwa IAS), omwe akugwira ntchito m'mayiko oposa 140. Ku United States ali ndi awo otchedwa US GAAP, ndipo pena amasiyana ndi awa. Manambala a m'zitsanzo zowerengera ndi ongoyerekeza kuti masamu aoneke bwino, musawatenge ngati mitengo ya pamsika.

1. Dziwani ntchito imene chinthucho chikukugwirirani

Lole imodzi ikhoza kulembedwa malo osiyanasiyana malinga ndi amene akulemba. Kwa wogulitsa malole, ndi katundu wa malonda, wa pansi pa lamulo la IAS 2, ndipo mtengo wake sugawidwa pa zaka. Kwa kampani yonyamula katundu, ndi katundu wokhalitsa wa pansi pa IAS 16, ndipo nkhani yathu yagona pamenepa. Amene wangogula masheya a kampaniyo alibe lole ayi, ali ndi gawo la umwini wa kampani, lomwe limalembedwa motsata IFRS 9. Apa sipavuta. Ingosamalani mukakhala kuti mumachita ziwiri, kugulitsa malole ena ndi kuyendetsa ena: lole iliyonse ikhale m'gulu lake kuyambira tsiku loyamba.

2. Werengani mgwirizano kuti mudziwe ngati mwagula, mwachita lendi, kapena mwangolipira ulendo

Pafupifupi theka la ndege zonyamula anthu padziko lapansi si za makampani amene mayina awo apakidwa pa ndegezo. Eni ake ndi makampani obwereketsa, monga AerCap ya ku Dublin, yomwe inagula kampani inzake yobwereketsa ndege, GECAS, mu 2021. Kale, pa lamulo la IAS 17, kampani inkatha kuyendetsa ndege zalendi zambirimbiri popanda ngakhale imodzi kuoneka pa balance sheet, ndandanda uja wa chuma ndi ngongole za kampani. Kuyambira pa 1 Januwale 2019, lamulo la IFRS 16 linatseka khomo limeneli. Tsiku loyamba wobwereka amalemba zinthu ziwiri: ufulu wogwiritsa ntchito chombocho ngati katundu, ndi malendi onse amtsogolo ngati ngongole, atawerengedwa pa mtengo wa ndalama wa lero. Zokhululukidwa ndi lendi ya miyezi 12 kapena kuchepera apo, ndi tinthu totchipa. Ndege singalowe m'gulu la totchipa.

Mawu amene mukumane nawo m'mapepala ndi awa. Kwa ndege, dry lease ndi pamene mwalandira ndege yokha, oyendetsa ndi amakaniko n'kukhala anu, pomwe wet lease ndi pamene ndege yabwera ndi oyendetsa ake, okonza ake ndi inshulansi yake. Kwa sitima, bareboat charter ndi sitima yopanda antchito, time charter ndi sitima ndi antchito ake kwa nthawi yoikika inu n'kumalamula kopita, ndipo voyage charter ndi kulipira ulendo umodzi kuchoka doko lina kufika doko lina.

Anthu ambiri amalakwa poweruza ndi dzina lolembedwa pamwamba pa mgwirizano. Dzifunseni mafunso awiri. Kodi mgwirizano ukutchula chombo chenicheni, chimene mwini wake sangachisinthe ndi china pamene wafunira? Nanga ndani amalamula kumene chipite ndi nthawi yake? Mayankho onse akaloza kwa inu, imeneyo ndi lendi, ilowe m'mabuku anu. Voyage charter nthawi zambiri si lendi, ndi ntchito imene mwagula. Time charter yaitali kawirikawiri imakhala ndi ziwiri mkati, lendi ya sitima ndi malipiro a ntchito ya anthu a m'sitimamo, ndipo muyenera kudziwa kuti gawo lililonse ndi ndalama zingati.

3. Pezani mtengo wolembera

Mtengo wolembera ndi ndalama zonse zimene zafikitsa chombocho pamalo ndi pa mkhalidwe woti chiyambe ntchito. Muli mtengo wogulira mutachotsa zonse zimene anakuchotserani, msonkho wa kasitomu ndi misonkho ina yosabwezedwa, ndalama zochibweretsera, zoikira zipangizo, zoyesera ngati chikugwira ntchito, ndi za maloya ndi kulembetsa umwini. Ndalama zophunzitsira oyendetsa, zotsatsira njira yatsopano, ndi kuluza kwa miyezi yoyamba pamene anthu sanazolowere, zimenezo sizilowa. Zilembeni ngati ndalama zotuluka za chaka chimenecho. Eni kampani amakonda kuzikankhira mumtengo wa chombo kuti phindu la chaka choyamba lioneke lonona. Kanani.

Ogula ndege zambiri salipira mtengo wolengezedwa ndi Airbus kapena Boeing. Amachotseredwa kwambiri, ndipo nthawi zina kuchotserako kumabwera mozungulira, monga mwayi wotenga masipeyala kwa wopanga injini osalipira. Zimenezi zimatsitsa mtengo wolembera, si phindu la tsiku logula.

Ndege kapena sitima yatsopano imalipiridwa pang'onopang'ono isanathe kupangidwa. Chiwongola dzanja cha ngongole imene mwatenga pa nthawi yopangayo chimalowa mumtengo wa chombo, motsata IAS 23, ndipo chimasiya kulowa chombocho chikangokonzeka kugwira ntchito.

Chomaliza apa ndi ndalama zakunja. Ndege ndi sitima zikuluzikulu zimagulitsidwa m'madola a ku America. Ngati mabuku anu ali m'ndalama ina, chombocho chimalembedwa pa mtengo wosinthira wa tsiku logula ndipo chimakhala pomwepo. Koma ngongole ya madola imawerengedwanso pa mtengo watsopano pakutha pa chaka chilichonse, motsata IAS 21. Ndalama yanu ikagwa mphamvu, ngongole imafufuma m'mabuku pomwe chombo chili chikhalire, ndipo kusiyanako kumadya phindu. Ambiri amadabwa poona kampani yodzaza makasitomala ikulengeza kuluza, osadziwa kuti gwero lake ndi limeneli.

4. Gawani chombocho m'zigawo

Lamulo la IAS 16 limati gawo lililonse limene mtengo wake ndi waukulu poyerekeza ndi chinthu chonsecho litsitsidwe mtengo palokha, ndipo chitsanzo chimene limapereka ndi thupi la ndege ndi injini zake. Kutsitsa mtengo kumene ndikunena ndi kuja akauntanti amati depreciation, kugawa mtengo wa chinthu pa nthawi imene chikutumikireni. Mabuku ambiri ophunzitsa amatchula lamuloli m'mizere iwiri n'kudumpha, osanena kuti manambala ake muwatenga kuti. Wogulitsa amakupatsani mtengo umodzi wokha pa invoisi, kugawako ndi ntchito yanu.

Yambani ndi amakaniko, osati ndi kompyuta. Pemphani mabuku a mbiri ya ndegeyo. Amasonyeza maola amene yauluka, ndi ma cycle ake, ndiye kuti kuchuluka kwa maulendo amene yanyamuka ndi kutera. Kusiyana kwa ziwirizi n'kofunika. Ndege ya maulendo afupiafupi imatera kambiri pa maola ochepa, ndipo zitsulo zina za mkati mwa injini zili ndi malire a ma cycle, zikafikapo zimachotsedwa ngakhale zikuoneka zabwinobwino. Mabukuwo amasonyezanso pamene injini iliyonse inamasulidwa komaliza, pamene miyendo inakonzedwa, ndi pamene ndege inalowa sevisi yaikulu. Sevisi yaikulu kwambiri, imene ambiri amaitcha D-check, imachitika pakapita zaka zingapo, mwina 6 mpaka 10 malinga ndi mtundu wa ndege, ndipo ndegeyo imavulidwa pafupifupi chilichonse kuti thupi lake liunikidwe. Ndege yosowa mapepala amenewa imagwa mtengo kwambiri ngakhale ikhale yonyezimira, chifukwa palibe angatsimikize kuti chitsulo chakutichakuti chatsala ndi moyo wotani.

Mukatero pezani katswiri woyesa mitengo ya ndege, kapena mitengo ya kwa okonza, kuti mudziwe kuti gawo lililonse lingagulidwe zingati palokha. Kenako gawani mtengo umene mwalipira motsata kukula kwa mitengo imeneyo. Zigawo zonse zikaphatikizidwa zifanane ndi zimene mwalipira, osapitirira.

Tsopano gawo limene ambiri amaliphonya, chifukwa siligwirika ndi manja. Mukagula ndege imene yangotuluka kumene ku sevisi yaikulu, mumalipira zambiri kuposa ina yofanana nayo imene sevisi yake ili pafupi. Ndalama zapamwambazo mwagula nazo nthawi yoyenda osalowa m'galaja. Nthawi imeneyi ndi gawo lakelake, ndipo imatha msanga kuposa ndegeyo. Ngakhale ndege yatsopano ili nalo gawo limeneli mkati mwa mtengo wake, ndipo lamulo limalola kuliyerekeza pogwiritsa ntchito mtengo wa sevisi yofanana nayo.

Tiyerekeze kuti mwagula ndege yogwirapo kale ntchito pa madola 40 miliyoni, ndipo mukufuna kuiyendetsa zaka 15. Mutafufuza mwagawa motere. Thupi ndi madola 19 miliyoni, ndipo pakutha pa zaka 15 lidzatsala ndi mtengo wa 4 miliyoni, choncho mumatsitsa 1 miliyoni pachaka. Injini ziwiri, osawerengera kukonzedwa kwake, ndi 9 miliyoni, zotsala 1.5 miliyoni, kutsitsa 0.5 miliyoni pachaka. Moyo umene injinizo zatsala nawo zisanamasulidwenso ndi 6 miliyoni pa maola 12,000, kutanthauza madola 500 pa ola lililonse, ndipo ndege ikamauluka maola 3,000 pachaka ndi 1.5 miliyoni. Kukonza miyendo ndi 1 miliyoni pa zaka 5, ndiye 0.2 miliyoni pachaka. Mipando ndi zamkati ndi 2 miliyoni pa zaka 5, ndiye 0.4 miliyoni. Sevisi yaikulu yotsala ndi 3 miliyoni pa zaka 3, ndiye 1 miliyoni pachaka. Mukaphatikiza, chaka choyamba mwatsitsa madola 4.6 miliyoni.

Wina amene sanagawe adzachotsa 5.5 miliyoni pa 40 miliyoni, n'kugawa zotsalazo pa zaka 15. Adzapeza 2.3 miliyoni pachaka, theka lenileni la zoona. Kwa zaka zitatu kampani yake idzaoneka ya phindu, eni masheya adzagawana ndalama, mitengo ya matikiti idzaikidwa motsika poganiza kuti ndege ikuyenda motchipa. Chaka chachitatu chikatha ndege ikulowa m'galaja, bilu ikubwera. Pamenepo adzachita chimodzi mwa zolakwa ziwiri. Mwina adzalemba bilu yonse ngati ndalama yotuluka ya chaka chimenecho, phindu n'kugwa mwadzidzidzi ngati kuti pachitika ngozi. Kapena adzaiwonjezera pa mtengo wa ndege osachotsa yakale, ndipo mabuku adzanyamula masevisi awiri pomwe ndege ili ndi imodzi. Cholakwa chachiwirichi ndicho choopsa, chifukwa chimabisala mpaka tsiku logulitsa.

Njira yoyenera ndi iyi. Sevisi yatsopano ikatha, onani ngati pa yakale patsala kanthu m'mabuku, ndipo chotsalacho chichotseni chonse ngati kuluza. Kenako lembani mtengo wa yatsopano ngati gawo latsopano, n'kuligawa mpaka sevisi yotsatira. Pa chitsanzo chathu, ngati ndege yalowa m'galaja pakutha pa chaka chachiwiri m'malo mwa chachitatu, 1 miliyoni yotsalayo imachoka nthawi yomweyo. Yatsopano ikadya 4.2 miliyoni ndipo yotsatira ili patapita zaka 6, mumatsitsa 0.7 miliyoni pachaka. Pa bilu ya kwa okonza, siyanitsaninso: kusintha mafuta, mafyuluta ndi tizinthu ta tsiku ndi tsiku sizilowa m'gawoli ngakhale zachitikira limodzi.

Funso limene limatsatira nthawi zonse ndi lakuti, bwanji osangosungira ndalama pambali m'mabuku chaka chilichonse ngati ngongole ya sevisi ikubwerayo? Pa ndege yanuyanu, IAS 37 imakana. Chifukwa chake n'chakuti simunakhale ndi ngongole kwa wina aliyense, popeza mukhoza kugulitsa ndegeyo kapena kuiimika sevisi isanakwane. Kusunga ndalama zenizeni ku banki pokonzekera ndi nzeru, koma si ngongole ya m'mabuku. Pa ndege yalendi zinthu zimatembenuka. Mgwirizano umanena mkhalidwe umene ndege iyenera kubwerera nawo kwa mwini wake, choncho ola lililonse limene mwauluka likukupangirani ngongole yeniyeni, ndipo muyenera kuilemba pamene ikukula. Obwereketsa ambiri amatolera ndalama za kukonza mwezi ndi mwezi, zotchedwa maintenance reserves, n'kudzabweza ntchito ikachitika. Zimene mukuyembekeza kubwezeredwa ndi chuma chanu chosungidwa kwa wina, zimene simudzaziona ndi ndalama yotuluka.

Sitima yapamadzi imayenda chimodzimodzi. Mabungwe oyendera sitima, monga Lloyd's Register, DNV ndi ABS, amachita kuyendera kwakukulu zaka 5 zilizonse, ndipo pansi pa sitima yonyamula katundu payenera kuunikidwa kawiri m'zaka zisanuzo, osapitirira miyezi 36 pakati pake. Sitima imalowetsedwa m'doko louma, madzi n'kupopedwa, n'kuipala, kuipaka utoto, ndi kuyeza kukhuthala kwa zitsulo zake. Sitima zatsopano nthawi zambiri zimaloledwa kuti kuunika kwapakatiko kuchitidwe ndi osambira pansi pa madzi, koma zikakula zimayenera kulowa m'doko louma kawiri konse, ndipo ndalama zimakwera pamene sitima ikukalamba. Walira mvula walira matope: wogula sitima wagulanso mabilu a doko louma, ndipo mtengo wake ugawidwe kuchoka pa kulowa kumodzi kufika pa kwina.

Kwa malole musachite kunyanya. Kugawa lole imodzi m'zigawo khumi ndi kutaya nthawi. Siyanitsani mutu wokoka ndi ngolo yake, chifukwa ngolo imakhalitsa. Ngati lole ili ndi makina oziziritsa kapena thanki yapadera, chimenecho chikhale gawo. Kumasula injini yonse kukhoza kukhala gawo ngati ndalama zake ndi zazikulu kwa kampani ya msinkhu wanu. Matayala osintha, ambiri amangowalemba ngati ndalama yotuluka, ndipo ine ndimagwirizana nawo. Chachikulu n'chakuti mulembe lamulo lanu papepala ndi kulitsata chaka chilichonse.

5. Sankhani zaka ndi mtengo wotsala

Zaka zimene mukufuna si za moyo wonse wa chombo, koma zimene chidzatumikire kampani yanu. Kampani imene imagulitsa ndege zake zikadali zatsopano imaika zaka zochepa ndi mtengo wotsala wokwera. Makampani ambiri amaika zaka 20 mpaka 25 pa ndege yatsopano, ndi zaka 25 kapena kupitirira pang'ono pa sitima, koma musakopere nambala ya mnzanu osaona mapulani anu.

Mtengo wotsala ndi ndalama zimene mungapeze lero chombocho chikanakhala kuti chafika kale pa msinkhu umene mudzachisiye, mutachotsa zogulitsira. Mawu akuti lero muwagwire. Simuloledwa kuyerekeza kuti mitengo idzakhala itakwera pofika nthawiyo.

Kwa sitima masamu ake ndi osavuta, chifukwa mapeto ake ndi kuphwanyidwa kuti chitsulo chigulitsidwe, ku Alang ku India, ku Chattogram ku Bangladesh, ku Gadani ku Pakistan kapena ku Aliağa ku Turkey. Ogula amalipira pa tani ya kulemera kwa sitima yopanda katundu, mafuta ndi madzi, kumene amakulemba kuti LDT. Musasokoneze ndi DWT, komwe ndi kulemera kumene sitima inganyamule, nambala yaikulu kwambiri. Ndaonapo masamu osokoneza ziwirizi, ndipo mtengo wotsala umatuluka wokwera mochititsa manyazi. Sitima ya madola 30 miliyoni yolemera matani 10,000 a LDT, chitsulo chikakhala pa madola 400 tani imodzi, ili ndi mtengo wotsala wa 4 miliyoni. Chotsaninso 1 miliyoni ya doko louma ngati gawo lapadera la zaka 5. Zotsala 25 miliyoni pa zaka 25 ndi 1 miliyoni pachaka, kuwonjezerapo 0.2 miliyoni ya doko louma.

Zaka ndi mtengo wotsala ziunikidwenso pakutha pa chaka chilichonse. Zikasintha, mumakonza za kutsogolo kokha, za m'mbuyo zimakhala momwemo.

6. Sankhani njira yotsitsira

Thupi la ndege ndi la sitima limakalamba ndi nthawi, choncho ligaweni mofanana chaka ndi chaka. Injini imatha ndi ntchito, choncho maola kapena ma cycle amanena zoona kuposa kalendala. Lole ikhoza kuyendera makilomita. Kutsitsa kumayamba pamene chombo chakonzeka kugwira ntchito, osati tsiku limene chanyamula kasitomala woyamba, ndipo sikuima chifukwa choti chombo chaimikidwa. Mu 2020 ndege zikwizikwi zinaima chifukwa cha Covid-19, koma matupi ake anapitiriza kutsika mtengo m'mabuku. Zigawo zoyendera maola zokha ndizo zinapuma.

Za msonkho ndi buku lina. Dziko lililonse lili ndi malamulo ake a kuchuluka kwa zimene mungachotse pa katundu wokhalitsa, ndipo mayiko ena amadula msonkho wa sitima potengera kukula kwake m'malo mwa phindu. Musatenge nambala ya msonkho n'kuiika m'mabuku a kampani chifukwa choti ili pafupi.

7. Msika ukagwedezeka, yesani ngati mtengo wa m'mabuku ukadali woona

Mtengo wa m'mabuku umatsika pang'onopang'ono ngati mwa dongosolo, koma msika suyenda choncho. Muyeso wa mitengo yonyamulira katundu ngati malasha, chitsulo ndi mbewu panyanja, wotchedwa Baltic Dry Index, unafika pa 11,793 mu Meyi 2008, ndipo pofika Disembala chaka chomwecho unali pa 663. Mu Febuluwale 2016 unagwa mpaka 290, ndipo chaka chomwecho kampani yaikulu ya makontena ya ku South Korea, Hanjin Shipping, inagwa, sitima zake n'kutsakamira panyanja madoko akuzikana. Gwero la kukwera ndi kugwa kotereku n'lodziwika. Mitengo ikakwera, aliyense amaitanitsa sitima zatsopano. Kupanga sitima kumatenga zaka ziwiri kapena zitatu, ndiye zonse zimafika pamodzi msika utazizira kale, ndipo zikafika zimakhalapo zaka makumi awiri.

Lamulo la IAS 36 limati pakakhala chizindikiro choti chombo chagwa mtengo, muyerekeze mtengo wa m'mabuku ndi nambala yaikulu mwa ziwiri izi: zimene mungapeze mutagulitsa, kuchotsa zogulitsira, kapena ndalama zimene chombo chidzakupangireni mukapitiriza kuchigwiritsa ntchito, zitawerengedwa pa mtengo wa lero. Mabuku akaposa nambala imeneyo, kusiyanako ndi kuluza, kulembedwe chaka chomwecho.

Zizindikiro si za mitengo yokha. Lamulo latsopano likhoza kukalambitsa chombo usiku umodzi, monga la IMO, bungwe la padziko lonse loona za sitima zapamadzi, lomwe kuyambira pa 1 Januwale 2020 linatsitsa malire a sulfure m'mafuta a sitima kuchoka pa 3.5 peresenti kufika pa 0.5 peresenti. Eni sitima anayenera kugula mafuta odula kapena kuika makina otsuka utsi. Boma likhoza kuletsa mtundu wa ndege kuuluka, monga zinachitikira Boeing 737 MAX mu Malichi 2019 pambuyo pa ngozi ziwiri. Kapena ogula akhoza kungosowa. Airbus A380 inayamba kunyamula anthu mu 2007 ndi Singapore Airlines, koma zina mwa zoyambirira zitabwezedwa kwa eni ake patatha zaka khumi, sizinapeze wobwereka wina ndipo zinaphwasulidwa kuti zigulitsidwe masipeyala.

Pochita masamu a ndalama zamtsogolo, chinyengo chimalowera pa mitengo imene mwayerekeza. Munthu amatenga mitengo ya zaka zabwino n'kuiyala pa zaka 20 zikubwerazo, ndipo sitima iliyonse imapambana mayeso. Maodita akakufunsani kumene mwatenga mitengoyo, mukhale ndi yankho la zaka zabwino ndi zoipa zomwe.

8. Lembani bwino tsiku losiyana nacho

Mukatsimikiza kugulitsa, chombo chili chokonzeka, ndipo mukuyembekeza kuti chipita chaka chisanathe, chisamutsireni m'gulu la zogulitsa motsata IFRS 5. Kutsitsa kumaima, ndipo chimalembedwa pa nambala yaing'ono pakati pa mtengo wa m'mabuku ndi mtengo wa pamsika mutachotsa zogulitsira. Chikagulidwa, chotsani zigawo zonse, kuphatikizapo sevisi ija yosaoneka, ndipo kusiyana ndi ndalama zimene mwalandira ndi phindu kapena kuluza.

Samalani ndi kugulitsa chombo n'kuchibwerekanso kwa wogulayo, njira imene makampani a ndege amakonda popezera ndalama. Simungalembe phindu lonse, koma la gawo lokhalo la ufulu umene wapitadi kwa wogula. Ndipo ngati mgwirizano ukukupatsani ufulu wochigulanso, kawirikawiri kumeneko si kugulitsa, ndi ngongole ya chikole.

9. Ngati ndinu woika ndalama, werengani mabuku a ena ndi maso omwewa

Njira zolowera zilipo zingapo: masheya a kampani yoyendetsa, masheya a kampani yobwereketsa, kukongoza ndalama chombo chili chikole, kapena kugula gawo la chombo chimodzi pamodzi ndi anthu ena. Njira yomalizayi ndi imene ndimachenjeza kwambiri. Ku Germany anthu wamba ambiri anaika ndalama m'timakampani ta sitima imodziimodzi totchedwa KG, ndipo msika utagwa mu 2008 tambiri tinagwa, banki n'kutenga zake poyamba. Chombo chimodzi chili ndi wobwereka mmodzi, ndipo akachoka palibe china chokugwirani.

Mukatenga lipoti la pachaka, pitani kumapeto kumene amafotokoza malamulo awo. Onani zaka ndi mtengo wotsala, muyerekeze ndi makampani ena a ntchito yomweyo. Kampani ikatalikitsa zaka m'chaka chimene malonda avuta, dziwani kuti phindu lina labadwira pa desiki. Onani mbiri ya zogulitsa: ngati nthawi zonse imaluza pogulitsa zombo zakale, ndiye kuti yakhala ikutsitsa mochepa. Phatikizani ngongole za lendi ndi za ku banki. Onani zombo zimene yaitanitsa koma sinalipire, ndi msinkhu wa zimene ili nazo, chifukwa phindu la zombo zokalamba limakhala ndi bilu yogula zatsopano kumbuyo kwake.

Pomaliza funsani ngati chikole chingalandidwedi. Pangano la Cape Town la 2001, lomwe gawo lake la ndege linayamba kugwira ntchito mu 2006, linakhazikitsa kaundula wa padziko lonse wolembamo amene ali ndi ufulu pa ndege ndi injini, kuti wokongoza athe kutenga ndege yake msanga wobwereka akalephera. Limathandiza pokhapokha dziko limene ndege ili likamvera. Mu 2022, nkhondo ya ku Ukraine itayamba, ndege zalendi mazanamazana zinatsekeredwa ku Russia, ndipo AerCap inalemba kuluza kwa madola pafupifupi 2.7 biliyoni. Zoterezi zikakugwerani, kuluza kumalembedwa nthawi yomweyo, koma ndalama za inshulansi zimalowa m'mabuku padera, pokhapokha zitatsimikizika kuti mudzalandira. Pakati pa ziwirizi pakhoza kudutsa zaka za milandu kukhoti, ndipo ngongole ya ku banki imakhala ikufunabe kulipidwa mwezi uliwonse.